Kanjira Kamodzi, Nyumba Makumi Atatu: Luso la ku Orangi

Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Karachi, m'dziko la Pakistan, kuli dera lalikulu lotchedwa Orangi. Anthu anayamba kumangako m'zaka za m'ma 1960, ndipo anachuluka kwambiri itatha nkhondo ya 1971, pamene mabanja ochokera kumene lero kuli dziko la Bangladesh anafika kudzafuna pokhala. Ambiri anagula malo kwa anthu odula mapuloti mosatsata lamulo, choncho akuluakulu a mzinda sankaona kuti ali ndi udindo wofikitsako mapaipi kapena ngalande. Pofika 1980 kunali anthu oyandikira miliyoni imodzi. Zimbudzi zambiri zinali za ndowa, zomwe aganyu ankakhuthula pakapita masiku angapo. Ena anakumba maenje, koma ankadzaza msanga. Madzi osamba ndi otsukira mbale ankangoyenderera pakati pa tinjira, kunyowetsa maziko a nyumba, ndipo ana ankadwaladwala matenda otsekula m'mimba, malungo ndi mphere.

Lero tinjira toposa 90 mwa tinjira 100 tilitonse ta ku Orangi tili ndi mapaipi a suweji pansi pa nthaka, ndipo nyumba pafupifupi 100,000 zili ndi zimbudzi zamadzi. Eni nyumba anasonkha okha ndalama, anagula okha simenti, ndipo ambiri anakumba ndi manja awo. Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri monga umboni wakuti osauka akagwirizana amatha kuchita zazikulu. Zimenezo n'zoona, koma anthu a ku Orangi anali akhama kalekale 1980 isanafike, ndipo nyumba zawo anali atamanga okha. Khama linalipo, nyansi nazo zinalipo. Chimene chinabwera chatsopano ndi luso la kagulu kochepa ka bungwe la Orangi Pilot Project, lomwe limadziwika mwachidule kuti OPP: luso lodula ntchito yaikulu kuti ikwane m'thumba la munthu wosauka, m'manja mwake, ndi m'kati mwa anthu amene iye amawakhulupirira. Luso limenelo ndi lofunika kuliyang'anitsitsa chifukwa mbali iliyonse ya ilo inaganiziridwa.

Amene anayambitsa ntchitoyi, a Akhtar Hameed Khan, anafika ku Orangi mu Epulo 1980 ali ndi zaka 65. Anabadwira ku Agra mu 1914, ndipo ali mnyamata analowa m'gulu la akuluakulu oyendetsa boma la atsamunda ku India, ntchito yomwe aliyense ankaisirira masiku amenewo. Mu 1945 anaisiya, n'kukakhala kufupi ndi Aligarh komwe ankagwira ntchito zamanja ndi kukonza maloko. Pambuyo pake anatsogolera sukulu ya chitukuko cha kumidzi ku Comilla, yomwe inatsegulidwa mu 1959 n'kuwatchukitsa m'mayiko ambiri. Motero ankadziwa mmene ofesi imaganizira, ankadziwanso mmene munthu wodya zomwe wapeza tsiku lomwelo amawerengera ndalama yake.

Miyezi yoyambirira sanamange kanthu. Ankayenda m'tinjira, kukhala pansi ndi amisiri, mavenda, makhansala ndi eni nyumba, n'kumafunsa ndi kumvetsera. Anapeza kuti chimene chikuwawa anthu koposa zonse ndi nyansi, ndipo anapezanso zinthu zinayi zimene zinkawamanga manja. Choyamba, anthu ankakhulupirira kuti tsiku lina boma lidzawaikira mapaipi mwaulere, chifukwa andale ankalonjeza choncho chisankho chilichonse. Chachiwiri, mtengo umene makontilakitala ankatchula unali woti banja losauka silingaufike. Chachitatu, panalibe wodziwa kuyeza kutsetsereka kwa nthaka ndi kuyala mapaipi. Chachinayi, panalibe njira yoti anthu ambirimbiri agwirire ntchito limodzi popanda kukangana. Kusiyanitsa zinayizi kunali kale theka la ntchito, pakuti chilichonse chinafuna mankhwala akeake. Msonkhano wolimbikitsa anthu sungatsitse mtengo wa paipi, ndipo paipi yotchipa singathetse kukayikirana kwa anthu oyandikana nyumba.

Pa nkhani ya kudikira boma, a Khan anayamba apita okha kumaofesi a mzinda kukafunsa. Atamva bwino kuti ndalama zoikira mapaipi m'madera osavomerezeka kulibe, ogwira nawo ntchito anakauza anthu mosabisa. Akuluakulu athu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Anthu atamvetsa kuti lonjezo la andale linali la pachala, anayamba kuwerengera zimene anali nazo kale: ndalama zomwe ankalipira okhuthula ndowa mwezi ndi mwezi, zomwe ankataya kuchipatala, ndi nyumba zawo zomwe chinyezi chinkadya.

Chosankha chanzeru kwambiri chinali cha kukula kwa gulu. OPP sinayese kusonkhanitsa Orangi yense, ngakhale chigawo chimodzi. Inasankha kanjira, komwe kumakhala nyumba 20 mpaka 40 zoyang'anizana. M'kanjira kotero aliyense amadziwa mnzake: amadziwa amene amabweza ngongole, amene akudwala, amene walandira malipiro sabata ino. Wokana kusonkha amakumana tsiku lililonse ndi anthu amene akuyembekeza ndalama yakeyo. Mayi wamasiye amene alibedi kanthu amadziwika, ndipo anzake amagwirizana zomuchepetsera kapena zomudikira popanda kudzaza fomu. Gulu lalikulu likanafuna makomiti, malamulo olembedwa ndi atsogoleri, ndipo pomwe pali mipando andale sachedwa kufika. Kanjira n'kakang'ono moti sikakopa wofuna mpando, koma n'kokwanira kugula mapaipi ndi kukumba ngalande kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Chosangalatsa n'chakuti muyeso wa kukhulupirirana unagwirizana ndendende ndi muyeso wa uinjiniya, chifukwa kanjira kamodzi ndi mzere umodzi wa paipi.

Dongosolo lake linali lomveka kwa aliyense. Olimbikitsa anthu, omwe anali anthu a ku Orangi komweko, ankachititsa msonkhano m'kanjira n'kufotokoza ntchito yonse ndi zithunzi. Anthu akavomera ankasankha mmodzi mwa iwo kukhala kapitawo wa kanjirako, ndipo iyeyo ankalemba kalata yopempha thandizo ku OPP. Kenako kunkabwera anyamata oyeza, atanyamula tepi ndi makina a levulo. Ankajambula mapu a kanjirako, kusonyeza pomwe paipi idutse ndi kuya kwake, n'kulemba pepala la zofunika: matumba a simenti angati, mapaipi angati, mchenga ndi miyala yochuluka bwanji, mmisiri alipidwe zingati. Pepala limenelo linkaperekedwa kwa kapitawo, ndipo aliyense ankatha kuliwerenga ndi kugawa mtengo wonse pa chiwerengero cha nyumba.

Apa ndi pomwe panali lamulo limene ndimalilemekeza koposa onse: OPP sinkagwira ndalama za anthu. Kapitawo ndiye ankatolera, kusunga, kugula ndi kufotokozera anzake mmene zayendera. Nthawi zambiri amayi ndi amene ankakankha amuna awo kuti asonkhe, ena n'kumatolera okha khomo ndi khomo, pakuti ndiwo ankasamalira ana odwala ndi kukolopa matope. Bungwe silinkaperekanso ngakhale thumba limodzi la simenti laulere. Zimenezi zingaoneke ngati kuuma mtima, koma zinatseka makomo awiri amene ntchito zachitukuko zimafera. Palibe amene akananena kuti a bungwe adya ndalama zathu, chifukwa sanazikhudze. Palibenso kanjira kamene kakanakhala pansi kudikira kuti nako kapatsidwe zaulere monga anzawo. Chimene OPP inkapereka ndi nzeru, mapu, kuyang'anira ntchito, ndi zipangizo zobwereka monga mapiki, mafosholo, mawilibala ndi zikombole, zomwe zinkabwezedwa kuti zikagwire ntchito m'kanjira kena.

Komabe zonsezi zikanalephera mtengo ukanakhala womwe uja wa makontilakitala. Katswiri wa zomangamanga, a Arif Hasan, ndi anzawo anatenga mtengowo n'kuusanthula chigawo ndi chigawo. Anapeza kuti mbali yaikulu inali phindu la kontilakitala, ziphuphu, ndi miyezo yolembedwera misewu ikuluikulu ya m'mizinda yolemera. M'kanjira ka ku Orangi simudutsa malole olemera, choncho paipi siifunika kukwiriridwa mozama kwambiri. Ngalande ikakhala yosazama, eni nyumba amatha kukumba okha, aliyense kutsogolo kwa khomo lake, popanda kuopa kuti dothi liwagumukira. Paipi ikakhala pafupi ndi pamwamba, dzenje lotsegulira pochotsa zotsekeka, lomwe amisiri amati manhole, silifunika kukula moti munthu n'kulowamo. Dzanja ndi ndodo zimafika pansi. Chosankha chimodzi chinkachepetsa mtengo wa zinthu zitatu.

Dzenje limeneli likuonetsa bwino mtima wa ntchito yonse. Mwachizolowezi limamangidwa ndi mabuloko kapena njerwa, kenako n'kupakidwa pulasitala mkati, ndipo zimenezo zimafuna mmisiri wodziwa amene amalipitsa zambiri. A OPP anapanga chikombole chachitsulo chozungulira. Anthu amachiimika m'dzenje lomwe akumba, amasakaniza simenti, mchenga ndi miyala pa muyeso womwe walembedwa papepala, amathira konkire kuzungulira chikombolecho n'kumatsinyira ndi ndodo kuti musatsale mphako. Konkire ikagwira amachotsa chitsulocho, ndipo khoma limatuluka losalala, losafuna pulasitala, lofanana ndi la kanjira kena kalikonse. Luso la mmisiri linalowetsedwa m'chitsulo, moti munthu wogulitsa masamba pamsika ankatha kuumba dzenje lolimba. Chivundikiro nacho chinali cha konkire m'malo mwa chitsulo, chotsika mtengo komanso chosakopa akuba zitsulo.

Panalinso vuto la madzi. Ku Orangi madzi ndi osowa, ndipo paipi ya suweji yopanda madzi okwanira imatsekeka. Yankho linali kathanki kakang'ono ka chipinda chimodzi, komwe eni ake amakatcha haudi, koikidwa pakati pa chimbudzi ndi paipi ya m'kanjira. Zolimba zimatsalira m'menemo, zamadzimadzi zokha n'kumapitirira. Kathankiko kakadzaza mwini nyumba ndiye amakapopa. Motero amene wataya nsanza kapena mapulasitiki m'chimbudzi amavutika yekha, osati kanjira konse. Kachipangizo kamodzi kanateteza paipi, kanatetezanso mtendere pakati pa anthu oyandikana. Zonse zitawerengedwa, banja limodzi linkalipira marupi pafupifupi 1,000, omwe panthawiyo anali ngati madola 66 a ku America, ndipo ndalamayo inkakwanira chimbudzi cha m'nyumba ndi gawo la banjalo la paipi ya m'kanjira. Mtengo wa boma pa ntchito yofananayo unali wokwera kangapo.

Panatenga miyezi kuti kanjira koyamba kavomere. Koma katatha, sipanafunikenso kulalikira kwambiri. Anthu a tinjira toyandikana ankabwera kudzaona pouma pomwe kale panali thope, ana akusewera, ngolo zikudutsa, ndipo ankapita okha kukapempha oyeza. Kufulumira kumeneko kunabweretsa mavuto ake. Tinjira tina tinayamba kukumba tisanalandire mapu, mapaipi ena anayalidwa mopanda kutsetsereka koyenera, malo olumikizira ena ankadontha. OPP sinalande ntchitoyo m'manja mwa anthu pofuna kuiteteza. Inaphunzitsa amisiri a m'deralo, inasindikiza timapepala tofotokoza ndi zithunzi zolakwika zofala, ndipo inathandiza eni tinjira kukonza pomwe panalakwika. Anthu amene analipira okha paipi amaikonzanso okha ikawonongeka, ndipo mpaka lero zimenezo ndi zomwe zimachitika m'tinjira tambiri.

Si onse amene anagwirizana ndi njirayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mlangizi wochokera ku nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anaona kuti ntchitoyi ilibe pulani yaikulu, ilibe zolinga zowerengeka za chaka ndi chaka, ndipo ikuyambira kumapeto m'malo moyambira pa paipi yaikulu. Kusamvanako kunafika poti dera linagawidwa, mbali ina n'kuyendetsedwa mwa njira ya akatswiri akunja ndi ndalama zambiri. Patatha zaka zingapo mbali imeneyo inali itafikira tinjira towerengeka chabe ndipo inatsekedwa, pamene mbali ya OPP inali itafikira tinjira zikwizikwi. Mlangiziyo sankanama pa za uinjiniya wa m'mabuku. Chimene a Khan anaona n'chakuti nthaka ya Orangi imatsetserekera kale ku timitsinje tachilengedwe totchedwa nala, ndipo kanjira kalikonse kangathe kutsata njira yomwe madzi a mvula amadziwa, osadikira pulani ya mzinda wonse.

Apa m'pamene ena amalakwitsa, n'kumaganiza kuti phunziro la Orangi ndi lakuti boma lingathe kupuma osauka n'kumadzichitira okha. A Khan anagawa ntchito ya suweji m'magawo anayi: chimbudzi cha m'nyumba, paipi ya m'kanjira, paipi yosonkhanitsa tinjira tingapo, ndipo pomaliza paipi yaikulu pamodzi ndi malo oyeretsera zonyansa. Magawo atatu oyambawo anawatcha a mkati, ndipo anthu angawakwanitse. Lachinayi ndi lakunja, ndipo ndi udindo wa boma womwe palibe kanjira kangausenze. Mzere umenewu unajambulidwa momveka kuti aliyense adziwe pomwe katundu wake wathera. Kwa zaka zambiri boma linachedwa ndi gawo lake, ndipo zonyansa zochoka m'tinjira taukhondo zinkathera m'timitsinje n'kukafika kunyanja zosayeretsedwa. Limenelo linali bala lenileni, ndipo a OPP sanalibise. Koma tsopano anthu ankapita kwa khansala ali ndi mapu m'manja, atachita kale mbali yawo, akupempha chinthu chimodzi chodziwika kutalika kwake ndi mtengo wake.

Mapuwo anakhala ntchito ya moyo wonse ya Mayi Perween Rahman. Anabadwira ku Dhaka mu 1957, banja lawo linali m'gulu la othawira ku Karachi itatha nkhondo ija, ndipo analowa OPP atamaliza maphunziro a zomangamanga. Bungweli litagawidwa m'nthambi mu 1988, iwo anadzatsogolera nthambi ya kafukufuku ndi maphunziro. Anaphunzitsa achinyamata a m'madera osauka kuyeza malo, kugwiritsa ntchito levulo ndi kujambula mapu, ndipo achinyamatawo anayenda m'madera osavomerezeka a Karachi kulemba paipi iliyonse ndi ngalande iliyonse yomwe anthu anali atamanga okha. Zimene anapeza zinadabwitsa mainjiniya a boma: zonyansa zambiri za mzindawo sizinkadutsa m'mapaipi akuluakulu a m'mapulani awo, zinkatsata timitsinje tija. Nzeru ya OPP inali yoti timitsinjeto tikonzedwe, tivundikiridwe, ndipo malo oyeretsera amangidwe kumathero kwake. Umboni umenewu unathandiza kuti mu 1999 boma la chigawo cha Sindh likane ngongole ya madola 70 miliyoni yochokera ku Asian Development Bank, yomwe inali ya ntchito ya suweji ku Korangi, dera lina la Karachi, poona kuti ntchitoyo ingatheke ndi ndalama zochepa kwambiri za m'dziko momwemo. Mu 2006 ndondomeko ya dziko la Pakistan ya zaukhondo inavomereza njira yogawana magawo pakati pa anthu ndi boma, ndipo mizinda ngati Faisalabad ndi Lodhran inali itayamba kale kuitsata.

Mapu amaulula zambiri kuposa mapaipi. Mayi Rahman ndi gulu lawo analembanso midzi yakale yozungulira Karachi kuti eni ake apeze mapepala a malo, ndiponso anaonetsa mmene madzi a mzinda ankabedwera n'kumagulitsidwa m'mathanki. Pa 13 Malichi 2013 anawomberedwa ndi mfuti akubwerera kunyumba kuchokera ku ofesi yawo ya ku Orangi. Imfa yawo inandiphunzitsa kuti kuyeza ndi kulemba zimene osauka ali nazo si ntchito yaing'ono ya kuofesi, pakuti alipo anthu amphamvu amene amadyera pa kusadziwika kwa zinthuzo. Anzawo ndi achinyamata amene anawaphunzitsa akupitiriza ntchitoyo.

Phindu la mapaipi a ku Orangi linafika pa matupi a ana. Kafukufuku wa m'dera lina la Orangi anaonetsa kuti imfa za makanda zinatsika kuchoka pa pafupifupi 130 mwa ana 1,000 obadwa amoyo mu 1982 kufika pa 37 mu 1991. Mapaipi sanachite zimenezo okha, chifukwa panalinso katemera ndi maphunziro a zaumoyo kwa amayi, koma kanjira kouma kanali maziko a zonsezo.

Wowerenga wa ku Ndirande, Chinsapo kapena Mtandire asafulumire kunena kuti tikumbe mapaipi ngati a ku Orangi. Suweji imafuna madzi ndi nthaka yotsetsereka bwino, ndipo madera athu ambiri amadalira zimbudzi zokumba. Chimene tingatengeko ndi kaganizidwe kake, ndipo mbewu yake ilipo kale kwathu kuno: magulu osunga ndalama omwe amayi anayambitsa ku Mtandire mu 2003, mothandizana ndi bungwe la CCODE, amawerenga okha nyumba za m'madera awo ndi kujambula mapu asanapite kukakambirana ndi khonsolo. Koma timadziwanso mtundu wina wa chitukuko, pomwe anthu amauzidwa kuti aumbe njerwa ndi kututa mchenga, pulani itabwera kale kuchokera kutali, bajeti ili yobisika m'kabati ya wina. Pamenepo anthu amangopereka thukuta. Ku Orangi anapatsidwa pepala la mtengo, ufulu wosankha kapitawo, ndi chikwama cha ndalama zawo.

Choncho amene akufuna kuti anthu atengepo mbali pa ntchito ya m'dera lawo ayambe wadzifunsa mafunso a mmisiri. Kodi ntchitoyi ingadulidwe kufika pa gulu la anthu odziwana maina? Kodi mtengo wake wasanthulidwa mpaka banja losauka kuukwanitsa popanda ngongole? Kodi pali chipangizo chimene chingalole munthu wamba kuchita bwino zomwe kale zinkafuna katswiri? Ndalama isunga ndani, ndipo ndani angaone mmene yayendera? Nanga gawo la boma likuyambira pati, ndipo lalembedwa poti aliyense aone? Mayankho ake safuna mawu okoma a pamsonkhano. Amafuna injiniya wodzichepetsa wololera kutha miyezi akuchepetsa mtengo wa dzenje limodzi, ndi bungwe lodziletsa lomwe lingaone ndalama za anthu osaika dzanja. Masukulu athu a zomangamanga ndi makhonsolo athu angathe kuphunzitsa ndi kulemba ntchito anthu otere, ndipo ayenera kutero.